Mbewa Zinachira Kutupa kwa Matumbo, Nanga Mwana Wanga?

Funso

Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 19 anamupeza ndi matenda a ulcerative colitis chaka chatha. Anatsekula m'mimba magazi kwa miyezi, anaonda kwambiri, ndipo atamuunika m'matumbo ndi kamera ndi pamene anatiuza dzina la matendawa. Panopa akumwa mankhwala ndipo akupezako bwino. Koma pali zinthu ziwiri zimene zikundisowetsa tulo. Mankhwala ena amene anamupatsa akuti ndi ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi. Zingatheke bwanji munthu wodwala, woonda chonchi, n'kumuchepetseranso asilikali? Achibale akundiuza kuti ndimugulire mankhwala owonjezera chitetezo. Chinanso, mwanayo anandiwerengera pa intaneti kuti akatswiri anachiza matenda omwewa pa mbewa pozibaya maselo enaake a chitetezo. Ngati mbewa zikuchira, bwanji mwana wanga sakumubaya maselo amenewo? Kodi akutibisira?

Mayi wodandaula

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene mwadutsamo. Kuona mwana akutha thupi inu mukuyang'ana, matenda ake osadziwika, si chinthu chapafupi. Koma mtima ukhale pansi. Mwana amene magazi asiya, akudya, thupi likubwerera, ali pa njira yabwino, ndipo mankhwala amene akukudetsani nkhawawo ndi amene amufikitsa pamenepa. Palibenso amene akukubisirani kanthu. Nkhani ya mbewa imene anakuwerengeraniyo ndi yoona, inalembedwa poyera zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo mbewa zomwezo ndi zimene zikuyankha funso lanu loyamba lija. Ine ntchito yanga yakhala ya mbali ziwiri, ku labotale kumene timasunga mbewa zofufuzira ndi kuchipatala kumene ndimaona odwala matumbo, ndiye ndiloleni ndifotokoze mwachifatse.

M'matumbo aakulu a munthu aliyense, wodwala ndi wabwinobwino yemwe, mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi, pafupifupi kufanana ndi chiwerengero cha maselo onse a thupi lake. Chimene chimalekanitsa khamu limeneli ndi mnofu wathu ndi mzere umodzi wokha wa maselo, wokutidwa ndi zonanda pamwamba pake. Kuseri kwa mzerewo kwadzaza maselo a chitetezo, okonzeka kumenya chilichonse chachilendo. Choncho funso limene linavutitsa ofufuza kwa nthawi yaitali linali lakuti, zimatheka bwanji kuti ambirife matumbo athu satupa, pamene chakudya ndi mabakiteriya, zonse zachilendo m'thupi, zikudutsa pamaso pa asilikaliwo usana ndi usiku?

Yankho lake ndi lakuti mtenderewo sumangokhalapo wokha. Pali maselo ena a chitetezo amene ntchito yawo ndi yoletsa anzawo. Galu wolondera amafunika ukali, koma amafunikanso mwini wake womuuza kuti uyu musiye, ndi wapakhomo pano. Galu wopanda womuletsa amaluma ndi ana a m'nyumba omwe, ndipo woteroyo simungamukonze pomuwonjezera ukali. Matenda a mwana wanu ali choncho. Chitetezo chake chikumenya mopitirira muyezo, pamalo olakwika, ndipo choletsa chake chikulephera kuchigwira. Zilonda zija, magazi aja ndi kutsekula m'mimba kuja zinachokera pamenepo.

Zimenezi sizinadziwike pongoganizira. Chaka cha 1993 ndi chimene chinatsegula anthu maso. Pa nthawiyo ofufuza anali atangophunzira kumene kuchotsa jini imodzi (kachidutswa ka malangizo achibadwa amene ali m'maselo) mwa mbewa n'kuona chimene chisinthe. Ku Cologne, m'dziko la Germany, gulu la Werner Müller ndi Klaus Rajewsky linafotokoza za mbewa zimene linazichotsa jini yopanga puloteni yotchedwa IL-10, imene maselo amatumizirana pouzana kuti nkhondo ithe. Mbewazo zinabadwa zooneka bwinobwino, koma pokula zinayamba kupinimbira, magazi kuchepa, matumbo n'kutupa, popanda wozipatsira matenda alionse. Ku Würzburg, ku Germany komweko, gulu la Ivan Horak linafotokoza za mbewa zopanda jini ya IL-2. Puloteni imeneyi inkadziwika kuti ndi yochulukitsa maselo omenya nkhondo, ndiye anthu ankayembekezera kuti mbewazo zikhala ndi chitetezo chofooka. Zinachitika zosiyana. Chitetezo chinalusa, ndipo mbewa zimene zinapulumuka masabata oyambirira zinadwala matenda a m'matumbo aakulu ofanana kwambiri ndi ulcerative colitis. Patapita zaka ndi pamene zinamveka kuti maselo oletsa aja amadalira IL-2 kuti akhale ndi moyo.

Chaka chomwecho Fiona Powrie, amene ankagwira ntchito ku labotale ya DNAX ku California ndipo panopa ali ku Oxford, anachita kafukufuku amene ine ndimamuona kuti ndiye maziko a nkhani yonseyi. Anatenga mbewa za mtundu wa SCID, zimene zimabadwa zilibe maselo a T ndi a B, mitundu iwiri ikuluikulu ya maselo a chitetezo, n'kuzibaya maselo a T ochokera kwa mbewa yathanzi. Koma asanabaye ankayamba wawagawa m'magulu awiri potengera chizindikiro chimene chili pamwamba pa selo. Mbewa zimene zinalandira gulu loyamba lokha, la maselo amene sanakumanepo ndi mdani, zinaonda ndi kutupa matumbo. Zimene zinalandira magulu onse awiri pamodzi sizinadwale. Taganizani, mayi: maselo odwalitsawo anachokera kwa mbewa yosadwala chilichonse. Ndiye kuti tonsefe tili nawo maselo otha kuwononga matumbo athu, kungoti ali ndi owagwira.

Kafukufuku ameneyu amabwerezedwabe m'malabotale ambiri, ndipo inenso ndamuchitapo ndi manja angawa. Masabata oyambirira simuona kanthu. Mbewa zimathamanga, zimadya, pasikelo zikukwera. Pofika sabata yachinayi kapena yachisanu, ina imayamba kukhala pakona itapinda msana, ubweya utaima, kumchira kutanyowa. Mukadzatsegula mimba, matumbo aakulu a mbewa yathanzi amakhala opyapyala, oonekera mkati, timibulu ta chimbudzi titandandana bwinobwino. A mbewa yodwala amakhala ofupika, okhuthala, olimba mukawagwira ndi kachitsulo kopanira, mulibe timibulu, muli zamadzimadzi zokhazokha. Kenako mutenge ya m'khola loyandikana, imene inalandira maselo odwalitsa omwewo tsiku lomwelo koma pamodzi ndi oletsa aja. Matumbo ake amakhala ngati sanakhudzidwe n'komwe. Munthu ukaona zimenezi ndi maso, maganizo oti kutupa kwa matumbo n'kuchepa kwa chitetezo amakuchokera.

Ndinenepo apa kuti mbewazi zimamva ululu, ndipo zimenezi sitizitenga mopepuka. Kafukufuku amayamba wavomerezedwa ndi komiti, mbewa zimayezedwa pasikelo pafupipafupi, ndipo m'malabotale ambiri imene yataya magawo 20 pa 100 alionse a kulemera kwake imaphedwa mosaizunza, kafukufuku athe asathe. Timayendera mfundo zimene William Russell ndi Rex Burch analemba mu 1959: kugwiritsa ntchito njira zina pamene zilipo, kuchepetsa chiwerengero cha nyama, ndi kuchepetsa kuvutika kwake.

Maselo oletsawa anadziwika bwino pang'onopang'ono. Mu 1995 Shimon Sakaguchi wa ku Japan anapeza chizindikiro chowazindikirira, chotchedwa CD25, ndipo lero timawatchula kuti maselo a Treg. Panalinso mbewa za mtundu wina, zotchedwa scurfy, zimene zinangotulukira zokha ku labotale ya Oak Ridge ku Tennessee m'zaka za m'ma 1940. Zazimuna zake zinkafa zisanathe mwezi, chitetezo chake chomwe chitaziwononga ziwalo. Mu 2001 Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell anapeza jini yowonongeka mwa mbewazi, Foxp3, ndipo zinapezeka kuti ana aamuna obadwa ndi matenda osowa otchedwa IPEX vuto lawo lili pa jini yomweyo. Ana amenewa amayamba kutsekula m'mimba koopsa ali makanda, pamodzi ndi matenda a shuga ndi zilonda zapakhungu. Mu 2003 zinatsimikizika kuti Foxp3 ndi imene imapangitsa selo la T kukhala Treg. Sakaguchi, Brunkow ndi Ramsdell analandira mphoto ya Nobel mu 2025 chifukwa cha ntchito imeneyi. Ndi mu 2003 momwemonso pamene gulu la Powrie linasonyeza kuti mbewa zimene zadwala kale zikabayidwa maselo a Treg, matumbo ake amapola m'masabata angapo. Imeneyo ndiyo nkhani imene mwana wanu anakuwerengerani, kapena ina mwa zambiri zimene zatsatira pambuyo pake.

Mbali ya mabakiteriya sindingaidumphe. Pali mbewa zimene zimabadwira ndi kukulira m'mahema apulasitiki otsekeka, chakudya ndi madzi zonse zophedwa tizilombo, wozisamalira amangolowetsa manja kudzera m'magolovesi omatidwa kukhoma la hemalo. M'thupi mwa mbewa zotere mulibe bakiteriya ngakhale mmodzi. Mu 1998 gulu la Balfour Sartor ku North Carolina linasonyeza kuti mbewa zopanda IL-10 zija zikakulira m'mahema amenewa sizidwala, koma mukazipatsa mabakiteriya wamba a m'matumbo zimayamba kutupa. Ndiye kuti pamafunika zinthu ziwiri pamodzi, choletsa cholephera ndi mabakiteriya oputa. Bakiteriya wina wotchedwa Helicobacter hepaticus amaonetsa bwino mfundoyi. Mwa mbewa yabwinobwino amakhala m'matumbo popanda kuitupitsa, chifukwa maselo a Treg amamuzindikira n'kuletsa nkhondo. Mwa mbewa yopanda IL-10, bakiteriya yemweyo amayambitsa kutupa koopsa.

Koma musathamangire kuganiza kuti mankhwala ake ndi kupha mabakiteriya, chifukwa ena mwa iwo ndi amene amalera maselo oletsawo. Kenya Honda ndi anzake ku Japan anaonetsa mu 2011 kuti mabakiteriya a gulu la Clostridium amachulukitsa maselo a Treg m'matumbo aakulu a mbewa, ndipo mu 2013 anasankha mitundu 17 yochokera kwa munthu imene imachita chimodzimodzi. Chaka chomwecho magulu atatu osiyana anapeza imodzi mwa njira zake. Mabakiteriya akagaya fiber, mbali ya zakudya zomera imene ife patokha sitigaya, amatulutsa timaasidi monga butyrate, ndipo timeneti timathandiza kuti maselo a Treg apangike ndi kugwira bwino ntchito. N'chifukwa chake odwala anga ndimawaletsa kumwa maantibayotiki mwachisawawa akangoona kutsekula m'mimba. Amapha abwino ndi oipa omwe, ndipo amatsegulira njira bakiteriya woopsa wotchedwa Clostridioides difficile, amene amavutitsa kwambiri anthu a ulcerative colitis.

Tsopano, mbewa zachira, bwanji mwana wanu sakubayidwa maselo amenewo?

Mbewa ya Powrie inadwala pa chifukwa chimodzi chokha, chimene ofufuza anachipanga okha: anaimana maselo a Treg. Kuibwezera chimene inamanidwa kuyenera kuichiza basi. Mwana wanu sanachotsedwe kanthu. Ndipotu tikatenga kamnofu kakang'ono m'matumbo otupa a odwala ulcerative colitis kapena Crohn (matenda ena otupitsa matumbo ofanana nawo) n'kuwerenga, maselo a Treg timawapeza, nthawi zambiri ochuluka kuposa m'matumbo a munthu wathanzi. Alipo ndithu, koma achulukiridwa, ndipo maselo omenya nkhondo amafika posawamvera. Kumbali ya majini, malo oposa 200 apezeka kuti amakhudzana ndi matendawa, ambiri mwa malowo akungowonjezerako pang'ono chabe, ndipo odwala awiri sakhala ndi msakanizo wofanana. Mbewa za m'labotale za mtundu umodzi zimakhala ndi majini ofanana, zimadya chakudya chimodzi, zimakhala m'chipinda chaukhondo, ndipo sizinadwalepo matenda ambirimbiri amene munthu wa zaka 19 wadutsamo. Ngakhale zili choncho, kanthu kakang'ono kamasintha zotsatira. Mbewa za mtundu umodzi zogulidwa ku makampani awiri, Jackson ndi Taconic, zinkasiyana kwambiri kuchuluka kwa mtundu wina wa maselo a T, wotchedwa Th17, m'matumbo, ndipo mu 2009 gulu la Dan Littman ku New York linapeza chifukwa chake: mtundu umodzi wa bakiteriya umene za ku Taconic zinali nawo, za ku Jackson zilibe.

Dziwaninso kuti nkhani zambiri za mbewa zimene zimafala pa intaneti si za njira ya Powrie n'komwe. Njira yotchuka kwambiri, chifukwa ndi yachangu ndi yosavuta, ndi ya mankhwala otchedwa DSS, imene Isao Okayasu ndi anzake anafotokoza mu 1990. Mumasungunula DSS m'madzi akumwa, mbewa zimamwa kwa masiku 5 mpaka 7, mankhwalawo amasupula mzere wa maselo uja, magazi n'kuyamba kutuluka. Mukabwezera madzi abwino, zambiri zimapola zokha. Kutupa kumeneku kumachitika ngakhale mwa mbewa zopanda maselo a T, ndiye kumatiphunzitsa za kuvulala ndi kupola kwa khoma la matumbo kuposa za matenda okhalitsa ngati a mwana wanu. Komanso kawirikawiri chinthu choyesedwacho amachipereka mbewa isanadwale. Kuteteza mbewa ku bala la sabata imodzi ndi kuchiza munthu amene wadwala chaka chathunthu ndi zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri. Ine ndikaona mutu wa nkhani woti chakutichakuti chachiza matumbo a mbewa, ndimayamba ndafufuza kuti mbewazo anazidwalitsa bwanji, ndipo mankhwalawo anawapereka liti. Mwana wanu, popeza amakonda kuwerenga, aziyamba ndi mafunso awiri omwewo.

Maselo nawonso si mapiritsi. Mbewa imalandira maselo a inzake chifukwa majini ake ndi amodzi. Munthu amafunika maselo ake omwe, atengedwe m'magazi, asankhidwe, achulukitsidwe m'labotale kwa masabata, kenako abwezeredwe, afike m'matumbo, akhalitse, asasinthe khalidwe. Chomalizachi n'chachikulu, chifukwa mwa mbewa zaoneka kuti selo la Treg likakhala pamalo otupa kwambiri limatha kutaya Foxp3 n'kuyamba kutulutsa mapuloteni okolezera kutupa. Anthu ayesa ndithu. Ku France, zotsatira za kuyesa maselo oletsa pa kagulu kochepa ka odwala Crohn zinatuluka mu 2012. Odwalawo anawalandira popanda vuto lalikulu ndipo ena anapezako bwino kwa kanthawi. Ntchito yotere ikupitirira, koma idakali kafukufuku. Si chithandizo chimene dokotala wa mwana wanu ali nacho n'kumakumanani.

Ndikuuzeninso za maulendo awiri amene mbewa zinatipatsa chiyembekezo chachikulu koma odwala sanapindule. IL-10 ija, popeza kusowa kwake kumadwalitsa mbewa, inapangidwa ngati jakisoni n'kuyesedwa pa odwala Crohn cha m'ma 2000. Phindu lake linali lochepa kwambiri ndipo inasiyidwa. Ina ndi IL-17A, puloteni imene inkaoneka kuti ikukolezera kutupa. Mankhwala oitsekereza, secukinumab, amathandiza kwambiri matenda apakhungu a psoriasis, koma atayesedwa pa odwala Crohn, zotsatira za mu 2012 zinaonetsa kuti sanathandize, ndipo ena matenda anakula. Ofufuza atabwerera kwa mbewa anapeza kuti IL-17A imathandizanso kulimbitsa khoma la matumbo kuti lisamadonthe. Kuyesa pa anthu mwadongosolo, ochepa kaye, kumene kumaoneka ngati kuchedwetsa zinthu, ndi kumene kunagwira vuto limeneli mankhwalawo asanafike kwa odwala matumbo ambirimbiri.

Komabe ndingalakwire nyamazi nditasiyira pamenepa, chifukwa mankhwala ena abwino kwambiri amene tili nawo lero anachokera kwa izo. Mu 2006 kafukufuku wa mbewa anaonetsa kuti puloteni ya IL-23 ndi imene imakolezera kwambiri kutupa kwa matumbo, ndipo chaka chomwecho kafukufuku wa majini a anthu analoza pa jini ya cholandirira IL-23, malo a pamwamba pa selo pamene puloteniyo imafikira. Lero mankhwala monga ustekinumab ndi risankizumab, otsekereza njira imeneyi, akuperekedwa kwa odwala Crohn ndi ulcerative colitis. Palinso tianyani ting'onoting'ono ta ku Colombia, totchedwa cotton-top tamarin, timene tikasungidwa m'makola timadwala tokha kutupa kwa matumbo aakulu. Pa timeneti ndi pamene zinaonekera, m'zaka za m'ma 1990, kuti kutseka khomo limene maselo a chitetezo amalowera m'matumbo kumaziziritsa matendawa. Mfundo imeneyo inabala vedolizumab, amene anavomerezedwa mu 2014 ndipo amagwira ntchito makamaka m'matumbo, osati m'thupi lonse. Muone kutalika kwa nthawi: kuchokera pa tianyani tija mpaka mankhwala kufika kuchipatala panadutsa zaka pafupifupi 20. Ndipo mu 2009 madokotala anafotokoza za ana amene anayamba kutupa matumbo ali makanda chifukwa cha kuwonongeka kwa jini ya cholandirira IL-10, njira yomweyo imene inatsekeka mwa mbewa za ku Cologne. Mmodzi mwa anawo atamuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wina, matumbo anapola. Vuto limeneli ndi losowa ndipo limayamba paukhanda, si la mnyamata amene wadwala ali ndi zaka 18, koma linatsimikizira kuti zimene mbewa zinaonetsa mu 1993 zimachitikadi mwa anthu.

Achibale aja akukufunirani zabwino, koma langizo lawo musalitsate. Umboni wa zimene zimachitika chitetezo chikawonjezeredwadi mphamvu tili nawo mwa anthu. Pali mankhwala a khansa, monga ipilimumab amene anavomerezedwa mu 2011, amene amagwira ntchito potsekereza choletsa chotchedwa CTLA-4 kuti maselo a T amenye chotupa. CTLA-4 ndi chimodzi mwa zida zimene maselo a Treg amadalira, ndipo gulu la Powrie linaonetsa mu 2000 kuti mukachitsekereza mwa mbewa, maselowo amalephera kuteteza matumbo. Limodzi mwa mavuto odziwika kwambiri a mankhwala a khansawa ndi kutupa kwa matumbo aakulu, kutsekula m'mimba, nthawi zina ndi magazi, mwa anthu amene matumbo awo anali abwinobwino. Ndipo kuchiza kwake ndi masteroidi ndi infliximab, mankhwala omwewo a ulcerative colitis. Zogulitsidwa m'mabotolo zolembedwa kuti zowonjezera chitetezo zilibe mphamvu yoteroyo, koma zina zimawononga chiwindi, zina zimasokonezana ndi mankhwala amene munthu akumwa, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti zimamupatsa maganizo osiya mankhwala enieni. Odwala amene amandipweteketsa mtima kwambiri ndi amene anapeza bwino, n'kusiya mankhwala poganiza kuti achira, kenako n'kubwera atafookeratu. Chilichonse chimene mwapatsidwa kapena mwagula, mupite nacho kwa dokotala wake achione mwanayo asanamwe. Ngati akuoneka wofooka, chofunika ndi kuyeza magazi, chifukwa kutaya magazi kwa miyezi kumatha ayironi m'thupi, ndipo zimenezo zili ndi mankhwala ake.

Nkhawa yanu ili ndi maziko ndithu, sindikuikana. Mankhwala a matendawa ali ndi zoopsa zake, ndipo si ofanana. Mesalazine, amene ambiri amayambira, amagwira pakhoma la matumbo ndipo sachepetsa chitetezo cha thupi lonse. Prednisolone amaziziritsa kutupa mwachangu koma si womwa miyezi ndi miyezi. Amafooketsa mafupa, amakweza shuga, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono. Azathioprine amafuna kuyeza magazi ndi chiwindi pafupipafupi, makamaka miyezi yoyambirira. Majakisoni otsekereza puloteni yokolezera kutupa yotchedwa TNF, monga infliximab ndi adalimumab, amatha kudzutsa TB imene inagona m'thupi, choncho munthu asanayambe ayenera kuyezedwa TB ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Akakhala pa mankhwala a magulu atatu omalizawa, asabayitse katemera wa tizilombo tamoyo asanafunse, ndipo kutentha thupi, chifuwa chosatha kapena kutuluka thukuta usiku si zodikira nazo kunyumba. Asamwenso ibuprofen, diclofenac ndi anzake popanda chilolezo cha dokotala. Kwa odwala ena amadzutsa matenda, ndipo m'labotale tikafuna kuti mbewa zopanda IL-10 zidwale msanga zonse pamodzi, timaziikira m'chakudya piroxicam, wa m'gulu lomweli.

Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akayamba kupita kuchimbudzi maulendo 6 kapena kuposerapo pa tsiku kukutuluka magazi, makamaka ngati thupi latentha, mtima ukuthamanga, akuchita chizungulire kapena watuwa. Chimodzimodzi mimba ikafufuma n'kumapweteka kwambiri, akamasanza osatha kumwa kanthu, kapena mwendo umodzi ukatupa, pakuti matendawa akadzuka magazi amaundana mosavuta. Pa nthawi yotero asamwe mankhwala oletsa kutsekula m'mimba monga loperamide, chifukwa amatha kuchititsa kuti matumbo afufume moopsa. Ndipo nthawi iliyonse matenda akaoneka ngati abwerera, chimbudzi chiyezedwe, chifukwa kamwazi wa amiba kapena wa mabakiteriya amaoneka chimodzimodzi, ndipo kumuwonjezera masteroidi ali ndi kamwazi kungamupweteke.

Mukapitanso kukaonana ndi dokotala wake, mwanayo afunse yekha, pakuti ndi wamkulu tsopano ndipo ndi iyeyo amene azisamala matendawa: mankhwala alionse amene akumwa ndi a gulu liti, amwa mpaka liti, magazi ayezedwanso liti. Afunsenso ngati pali mwayi woyeza calprotectin m'chimbudzi, puloteni imene imakwera matumbo akatupa, chifukwa munthu amatha kumva bwino mkati mukadali kutupa, ndipo cholinga chathu masiku ano n'chakuti khoma lenilenilo lipole. Mulembe penapake chaka chimene anayamba kuona magazi. Ngati kutupa kunakhudza gawo lalikulu la matumbo aakulu, pakatha zaka pafupifupi 8 kuchokera chaka chimenecho ayenera kuyamba kuunikidwa ndi kamera nthawi ndi nthawi, ngakhale akumva bwino, kuti kusintha kulikonse kumene kungadzasanduke khansa kupezeke msanga.